Ine Ndinangofuna Kupuma

Namwino uja sanalakwe, wolakwa ndine. Iye anangondikulunga lamba wake pamkono, kachipangizo nkufufuma, nkuphwa, ndipo atawerenga manambala anandiyang'ana monga momwe mwini dimba amayang'anira mbuzi.

"Bambo, 156 pa 98. Mwabwera chothamanga?"

"Ayi, ndakwera minibasi."

"Ndi chimodzimodzi," anatero akulemba m'buku langa lachipatala.

Anandifotokozera modekha kuti magazi a munthu wabwinobwino amayenda cha pa 120 pa 80, ndipo akamakhazikika pa 140 pa 90 kapena kupitirira, ndiye BP timanena ija. Akuti munthu akaopsezedwa, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima nkumagunda mofulumira kuti mwendo upeze mphamvu zothawira. Makolo athu ankakumana ndi mkango, nkuthawa, nkhani nkuthera pomwepo. "Koma mkango wanuwo mumayenda nawo m'thumba," anatero akuloza foni yanga, yomwe inali italira kale katatu chilowereni m'chipindamo. Malangizo ake anali atatu: mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono kosadzaza; ndizilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata monga limanenera bungwe la WHO; ndipo ndichepetse maganizo.

Mchere ndinaumvetsa. Uli m'botolo, umaoneka, ukhoza kuubisa. Nanga maganizo amabisidwa pati?

Ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ntchito yanga ndi yowerengera anthu ena ndalama zawo ku Old Town. Ndimadzuka nkhuku zisanatsike kuti ndidzaze zidebe mpopi usanaume. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga amafika pa 28 nkutsanzika pa 3, ndipo masiku otsalawo timakhalira banki mkhonde ya mayi akunyumba ndi nkhope yanga kwa mwini golosale. M'foni muli magulu a WhatsApp khumi ndi limodzi: la abale akwathu, la abale akuchikazi, la mlaga, la makolo kusukulu, la komiti ya ukwati wa msuweni wanga, ndi ena. Mu Okutobala wa 2024 munawonjezereka lina, lotsinana khutu komwe kwafika mafuta. Kagalimoto kanga ka Vitz kanali katagona masiku atatu pamzere wa petulo, ine nkumakayendera madzulo ngati wodwala.

Ndinayamba ndi zopuma mpweya zimene ndinaziona pa YouTube: kukoka mpweya uku ukuwerenga mpaka 4, kuugwira pang'ono, nkuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Mzungu wa m'kanemayo ankachitira m'mbali mwa nyanja. Ine ndinachitira mu minibasi, titakhala anayianayi, dengu la bonya lili pamiyendo ya mnzanga. Nditatsinzina nkukoka kachitatu, mayi wina anakuwa kuti bambo awa akukomoka, nkundikhuthulira botolo la madzi m'khosi. Ndinafika ku ofesi malaya ali chonyowa, koma chiphaso changa cha ntchito chitachapidwa bwino.

Zothamanga zinatha tsiku limodzi. Ndinagula tirakisuti yakuda ya kaunjika pamsika wa Tsoka, ya chipewa chake chomwe, ndipo poopa kusekedwa ndi aneba ndinasankha kuthamanga 4 koloko m'mawa. Sindinaganizeko kuti mwamuna wovala zakuda, wobisa nkhope, akuthamanga mumdima m'makwalala a Area 25, ali ndi dzina limodzi lokha. Anayamba ndi agalu. Kenako wina anakuwa pawindo kuti "Wakubaaa!", mawezulo a achitetezo cha m'dera nkuyamba kulira mbali zonse. Ine m'malo moima ndinawonjezera liwiro, liwiro limene sindinalionepo chichokereni ku pulayimale. Anandigwirira pa chigayo. Amene anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa mandasi, yemwe ananena kuti amandidziwa bwino chifukwa ndili naye ngongole.

"Nanga mumathawa chiyani, biggie?" anafunsa mnyamata wa chibonga.

"BP."

"Yakupezani kapena mwaisiya?"

Apa munthu wanzeru akanabwerera kwa namwino. Ine ndinabwerera ku foni, ndipo foniyo inandiuza kuti vuto ndi foni. Mankhwala ake akuti nkuithimitsa tsiku lathunthu, nkupita kumalo a zii, kwa mitengo ndi mbalame, uli wekha. Ndinasankha phiri la Bunda, Loweruka lotsatira.

Tsono vuto linali kutsanzika. Inu amene muli pabanja, tayesani kuuza mkazi wanu Loweruka m'mawa, denga likudikira kukhomedwa mvula isanagwe, komiti ya ukwati ikukumana 2 koloko, kuti mukupita kuphiri kukakhala. Osati kukapemphera, osati kukadula nsungwi. Kukakhala basi. Pakamwa panga panakana. Ndinangoti kuntchito kwachuluka zotseka mabuku a mwezi, ndibwera mochedwa. Mayi anandiphikira mazira awiri, nkundiikira m'chikwama pamodzi ndi mandasi, nkunena kuti ndisadzipanikize kwambiri. Mazira amenewo mpaka lero amandiimba mlandu.

Ndinakwera minibasi ya ku Mitundu, nkutsika kufupi ndi koleji ya zaulimi ija, wa kabaza nkukanditula m'tsinde mwa phiri. Nthawi ili 7 koloko ndinathimitsa foni. Mphindi zisanu zisanathe ntchafu yanga inanjenjemera ngati kwabwera uthenga. Ndinapisa m'thumba, foni ili chete ngati mwala. Zinachitika choncho kasanu ndi kawiri ndisanafike pakati pa phiri, ndipo ndinayamba kuona kuti namwino uja za mkango sankaseka.

Bunda ndi thanthwe lalikulu lopanda mthunzi wokwanira, ndipo dzuwa la Okutobala limaliwotcha ngati chiwaya. Ndinakwera chokwawa, thukuta lili kamukamu. Chimene foni sinandiuze nchakuti phiri limeneli ndi la mapemphero. Pamwamba ndinapeza anthu ochuluka kuposa pa depoti: gulu ili likuimba, ilo likufuula, ena atagwada payekhapayekha nkhope zitaloza kumwamba, ena atagona pansi pa mapepala apulasitiki poti anali pa kusala kudya kwa masiku atatu. Ndinapeza kamwala kapambali, nkukhala, nkusenda dzira langa. Nditakweza maso ndinaona anthu asanu ndi mmodzi a tsiku lachitatu aja akuliyang'ana dziralo. Ndinalibweza m'chikwama losendasenda.

Ndiye ndinatsinzina nkuyamba zija za 4 ndi 6. Sindinafike patali.

"Abale, pano pali munthu wosweka mtima!"

Potsegula maso ndinali pakati pa bwalo. Mtsogoleri wawo, mayi wamtali wa duku loyera, anandifunsa chimene chandibweretsa. Ndinati BP. Iye anapukusa mutu nkunena kuti BP ndi dzina lachizungu chabe, mwamuna sakwera phiri yekha Loweruka ngati kunyumba kuli mtendere. Manja khumi anatera pamutu panga, ena pamapewa, ndipo banja langa, lomwe m'mawa umenewo linalibe vuto lililonse, linapemphereredwa kwa ola lathunthu. Anandidzoza mafuta onunkhira pachipumi mpaka ena kutsikira m'kolala. Pomaliza mayiyo analemba nambala yake pakapepala, pansi pake nkuwonjezera kuti "muziimba ngakhale usiku", nkundiikira yekha m'thumba la malaya. Anthu aja anali okoma mtima, ndisaname. Kungoti anapempherera munthu wolakwika, kapena anafulumira ndi maola ochepa.

Cha m'ma 11 ndinazemba nkutsikira mbali ina ya phiri, komwe ndinapeza mpata pakati pa miyala iwiri, muli kamthunzi ndi kamphepo. Pansi ndinkaona minda yolimidwa kale ikudikira mvula, mizere yake ili ndondondo, njinga zikuyenda ngati nyerere pamsewu wa ku Mitundu, ndipo kutali mapiri a Dzalanyama ali buluu mu utsi wa lupsa. Buluzi wa mutu wabuluu anabwera nkuima pafupi ndi nsapato yanga, akugwedeza mutu ngati akuvomereza. Ndinadya mazira onse awiri popanda mchere. Ntchafu inasiya kunjenjemera. Ndinamva mtima wanga ukugunda mwaulemu, ngati mlendo wogogoda pakhomo la apongozi, ndipo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chibadwire mwana wathu wachiwiri. Pa zonse zimene ndinachita mwezi umenewo, ichi chokha sindichita nacho manyazi.

Ndinadzidzimuka dzuwa litafiira. Kutsika phiri, kabaza kulibe, ndinayenda wapansi mpaka pamsewu. Minibasi inatenga ola kuti idzaze, mtengo utakwera kawiri poti mafuta akuti anagula a m'zigubu. Tikuyandikira tauni ndinati tsiku lakwana, ndiyatse foni.

Inalira osalekeza mpaka kondakitala anatembenuka. Mafoni ophonya 63. Pagulu la abale akwathu panali chithunzi changa cha pa ukwati, pansi pake atalemba kuti aliyense amene wandiona adziwitse banja. Msuweni wina wa ku Johannesburg, amene sawerenga uthenga mpaka kumapeto, anali atalemba kale kuti mzimu wanga uuse mumtendere, anthu anayi nkuvomereza ndi timanja topemphera. Ndinaitsata nkhaniyo chobwerera m'mbuyo mpaka ndinapeza gwero lake. Cha m'ma 9 abwana anafuna kiyi wa kabati ya mafayilo, ndipo atalephera kundipeza anaimbira mayi akunyumba. Mayi anati, "Si ali konko?" Abwana anati kuno Loweruka lino sikunabwere munthu.

Pofika masana alamu anga anali atazungulira kupolisi ndi kuchipatala, mpaka anakasuzumira kunyumba yachisoni. Pagulu la mafuta napo panali nkhani yanga: thanki inafika 10 koloko, mzere unayenda, ndipo Vitz yofiira yopanda mwini inatseka njira mpaka anyamata asanu ndi atatu anainyamula nkuikhazika pambali pa ngalande. Panali ndi kanema.

Ndinafika pakhomo cha m'ma 8, mipando ili panja, mbaula zitatu zikuyaka. Amayi a mlaga atandiona analulutira, mwana wamng'ono nkundikumbatira miyendo. Chisangalalo chimenecho chinatha mphindi ziwiri. Kenako kunagwa bata lija ndinkalifuna kuphiri, ndipo ndinaona kuti pakhonde pakhala ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi apongozi anga aakazi amene anakwera galimoto kuchokera ku Mponela atamva kuti mwana wawo wasanduka namfedwa.

Amalume anatsokomola. "Tafotokozani, mphwanga. Munali kuti?"

"Kuphiri la Bunda, amalume."

"Ndi yani?"

"Ndekha."

"Kukatani?"

"Kukapuma."

Amalume anayang'ana nkhoswe inzawo, nkuyang'ana mphasa imene inali chiimikire pakhoma. "Mphasa iyi yatha ntchito? Munthu kulipira minibasi ziwiri ndi kabaza, kukwera thanthwe dzuwa lili pamutu, kuti akagone? Ine ndakalamba, koma bodza ndimalidziwa likadali khanda."

Apongozi sanalankhule nane, mwa mwambo. Anauza khoma kuti iwo akumva kafungo ka mafuta onunkhira, ndipo mwana wawo sadzola otero. Mayi akunyumba anabwera phee, nkupisa m'thumba la malaya anga, nkutulutsa kapepala kaja. Anawerenga mokweza, mawu onse, mpaka "ngakhale usiku".

Ndinapempha kuti aimbe nambalayo pomwepo, onse akumva, kuti choonadi chindimasule. Anaimba. Mayi wa duku loyera anayankha mwansangala: "Eee, bambo aja a banja losokonekera? Afika bwino? Inu ndinu mkazi wawo? Mayi, musinthe, bambo aja akuvutika."

Mlandu unatha cha m'ma 11. Anandipeza wosalakwa pa za chibwenzi, poti ngakhale nkhoswe ya kuchikazi inavomera kuti munthu wa chibwenzi sangakhale wopusa chotere. Pa bodza ndinalakwa: nkhuku ziwiri, kubweza ndalama zoyendera za alamu ndi za apongozi, ndiponso kulemba pa magulu onse khumi ndi awiri kuti ndili moyo. Apongozi anati poti abwera kale, akhalako sabata.

Anthu atabalalika, mayi anali kutsuka makapu kuseri. Ndinaima pafupi ngati mwana woswa mbale. Sanakweze mawu.

"Bambo, zoti munanama ndakhululuka. Koma munapita kukagona tulo kuphiri nokha? Mumaona ngati ine sinditopa?"

Ndinalibe yankho, ndipo ndinatsuka makapu otsalawo.

Lamulungu madzulo ndinakankha Vitz kubwerera kumchira kwa mzere, kumbuyo kwa magalimoto amene sindinathe kuwawerenga. Cha m'ma 7 ndinaona mayi akubwera ndi kontena ya nsima ndi bonya, atafunda chitenje. Anati ana ali ndi agogo awo. Tinadyera pa boneti, kenako iwo analowa m'galimoto, nkugwetsa mpando, nkuvula nsapato. Ndisanamalize kusamba m'manja anali akuliza mkonono, pakamwa pali yasa. Alonda a pamalopo anali pa bawo pansi pa nyale, ndipo ndinakhala pa bampala nkumaonera.

Foni yawo inayamba kulira m'kachikwama. Ndinaisiya ilire. Inalira kachiwiri, kachitatu. Kachinayi mantha anandigwira, poti ndinali nditaona zimene foni yosayankhidwa imabala, ndiye ndinaitulutsa mwakachetechete nkupita nayo kuseri kwa galimoto.

Anali apongozi. Atamva mawu anga anakhala kaye chete, kenako anauza khoma la kunyumba kuti likufunsidwa komwe anthu a nyumba ino anabisa mchere.