Kuthamanga sikufika, ngakhale utagula mpando wakutsogolo

Mu May 2025 akuluakulu oyang'anira maulendo a pandege ku Turkey adakhwimitsa lamulo limene makolo athu akadaliombera m'manja. Aliyense womasula lamba n'kuimirira ndege isanaimiretu, kapena woyamba kutsitsa zikwama nthawi isanakwane, akhoza kulipitsidwa chindapusa chimene manyuzipepala adati n'cha madola pafupifupi 70. Boma lathunthu kukhala pansi n'kuika mtengo pa mawu oti kuthamanga sikufika! Amene adapeka mwambiwu ankayenda wapansi ndi kamtolo pamutu, koma zikadakhala kuti adaupekera mundege sitikadadabwa. Matayala akangogunda pansi, anthu aulemu wawo, ena ovala masuti, amadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu, n'kuima makosi ali chopindika pansi pa mosungira zikwama, chitseko chili chitsekere.

Ochenjera saimirira chisawawa chotero, amakonzekera akadali kunyumba. Nzeru yawo ndi yakuti usankhe mpando wakutsogolo, woyandikana ndi kanjira kapakati. Mu Boeing 737 mzere uliwonse wa anthu wamba uli ndi mipando 6, kuyambira A mpaka F, ndipo ya pakanjira ndi C ndi D. Makampani a ndege adaliona dyera limeneli, ambiri n'kuyamba kugulitsa mipando yakutsogolo pamtengo wapadera. Tsono tiyeni tiwatsatire bambo amene alipira, tingowatchula kuti a 5C. Sadaone mtambo ngakhale umodzi, chifukwa windo adaisiyira ena. Ngolo ya zakudya yawagunda chigongono, anzawo a 5A ndi 5B awadzutsa katatu popita kukadzithandiza, koma iwo apirira. Chitseko chatseguka, atuluka m'gulu loyamba, chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Pansi pa masitepe akupeza basi. Pa mabwalo ambiri, ngakhale lalikulu ngati la Bole ku Addis Ababa, ndege zina zimaima kutali ndi nyumba yofikira, ndipo basi imeneyi ili ndi khalidwe la minibasi ya ku Ndirande, sinyamuka isanadzaze. Wolowa woyamba amakankhidwira m'kati, wolowa womaliza amaima pakhomo. Basi ikaima, agogo a mumzere wa 28, amene adatsika mosapupuluma atagwira ndodo, ndiwo akuyamba kuponda pansi, a 5C ali pampanipani pakati pa mikhwapa ya anthu. Nthawi zina masitepe amaikidwanso kukhomo lakumbuyo, monga amachitira kawirikawiri a Ryanair ku Ulaya, ndipo apo akumchira amasanduka akutsogolo osalipira kalikonse.

Tinene kuti a 5C athamanga, apitirira agogo aja, adinditsa pasipoti. Afika? Ayi, afika pa lamba wozungulira uja wobweretsa masutikesi, pamene aliyense amadikira mofanana ngati pachigayo. Sutikesi sidziwa kuti mwini wake adakhala pati. Imatuluka monga momwe onyamula katundu aitsitsira, ndipo kupatula za olipira matikiti odula zimene zimamatidwa chizindikiro choti zitsogole, zina zonse zimabwera mwa mwayi. Munthu wochokera ku Johannesburg, amene wanyamula masutikesi awiri odzaza mabulangeti, nsapato za ana ndi mafuta odzola a apongozi, alibe chifukwa chilichonse chogulira mpando wakutsogolo. Mphindi zimene wapulumutsa mundege akazithera ataimirira pa lambapo, akuyang'anitsitsa chikwama chakuda chilichonse pakati pa zikwama zakuda zana limodzi. Akatuluka panja pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, msuweni wodzawatenga akuti pafoni watsala pang'ono kufika, chonsecho sanadutse n'komwe pa Kanengo.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Nanga munthu amene akusintha ndege ku Nairobi kapena ku Addis, ndipo yachiwiriyo inyamuka ola lisanathe? Kwa ameneyu mwambi uja ukunama poyera, pakuti chipata chikatsekedwa chatsekedwa, ndipo kuchedwa mphindi 5 kungamugonetse pabenchi mpaka mawa. Chimodzimodzinso wotsikira pa bwalo la Heathrow ndi kachikwama ka m'manja kokha: kutsogola anthu 300 a mundege imodzi pamzere wa mapasipoti si phindu lochepa. Ndikuvomera. Koma taonani chimene anthu awiriwa akufanana. Onse alibe chokadikira pa lamba, wina chifukwa katundu wake akusamutsidwa ndi a kampani, winayo chifukwa sadanyamule. Ndiye kuti chimene chikuwafikitsa msanga ndi kupepuka kwawo, mpando ukungothandizira. Choseketsa n'chakuti anthu amenewa, amene liwiro lawo lili ndi chifukwa, ndiwo amatsekerezedwa ndi khamu la oimirira opanda kothamangira. Pano nthabwala imachepa. Mayi amene akufuna kukapeza ndege yopita kumaliro amatsakamira kumbuyo kwa bambo amene akulimbana ndi chikwama chimene adachiika mizere isanu kumbuyo kwake, ndipo tsopano akusambira mobwerera ngati mpasa wokwera mtsinje.

Pali tsiku limodzi lokha limene kutuluka msanga n'kufikadi, ndipo palibe amene amalilakalaka: tsiku la ngozi. Ndege zikuluzikulu zisanaloledwe kunyamula anthu zimayesedwa ngati onse angatulukemo m'masekondi 90, theka la makomo lili lotseka. Pa 2 January 2024 Airbus A350 ya Japan Airlines idawombana ndi ndege ina pabwalo la Haneda ku Tokyo n'kuyaka moto. Makomo 3 okha mwa 8 ndiwo adagwiritsidwa ntchito, koma anthu onse 379 adatuluka amoyo, ndipo akatswiri ambiri adatamanda chinthu chimodzi: okwerawo adamvera, adasiya zikwama. Kukadakhala a 5C mmodzi wotsegula mosungira katundu kuti atenge kompyuta yake, kanjira kaja kakadatsekeka. Amene akufunadi kusankha mpando mwanzeru awerenge mizere imene ili pakati pa iye ndi khomo lotulukira pangozi, poti mu utsi maso sathandiza.

Pa masiku ena onsewa, inu a 5C, ngati pansi pa ndege pali masutikesi anu awiri, ndalama ya mpandoyo mukagulire ana mabisiketi. Khalani pawindo, muone nyanja ikudutsa pansi panu, mupatse njira amene ndege ikuwasiya. Tionana pa lamba wa katundu.