Fodya wa pachala wa ku Indiana

Mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku South Bend, ku Indiana, anaimba pa WhatsApp Lamlungu lapitali mawu ali m'mwamba. "Amalume, ndapeza sukulu. Miyezi 9 yokha, ndikhala medical assistant!"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi ake, amene ankamvetsera pambali panga, anali atayamba kale nthungululu. Musawaseke. Kwathu kuno medical assistant ndi munthu wamkulu. Pachipatala chaching'ono chakumudzi ndiye amaona odwala ndi kulemba mankhwala, mudzi wonse umati adokotala, ndipo nkhuku pakhomo pake sizisowa. Wa ku America ndi wina. Iye amayeza BP, amakweza odwala pasikelo, amatenga magazi, amabaya jakisoni akauzidwa, kenako n'kukhala pafoni kulimbana ndi a inshuwalansi. Kulemba mankhwala saloledwa n'komwe.

Ndinayesa kufotokoza zimenezi, koma mtsikanayo anali ataponya kale nambala. Bungwe la boma la America loona ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, linati mu 2024 malipiro apakatikati a ntchitoyi anali madola 44,200 pachaka. Mlongo wanga samu zinamuvuta kusukulu, koma kuchulukitsa dola ndi kwacha sanaphunzitsidwe ndi munthu. Anapeza mamiliyoni oposa 70, ndipo ndinamuona akuyang'ana kudenga, kuwerenga malata.

Apo m'pamene ndinakumbukira agogo. Ankatapa fodya m'kachitini, n'kumuika pachala, ndiye nkhani ikakoma ankaiwala, chala chili m'mwamba, mpaka mwera n'kuchiyeretsa. Akatero ankadziseka okha: fodya wako ndi wa pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Tsono madola 44,200 aja ali pachala, ndipo chalacho si chakonso. Ndi malipiro a munthu wapakati pamzere, kuphatikizapo amene agwira zaka 15. Woyamba kumene amaima chakumbuyo. Ukagawa ndi maola a chaka chonse akubwera madola 21 ndi timasenti paola, msonkho usanaluse, lendi isanagogode, galimoto isanafune matayala oyendera pa chipale chofewa. Mphepo ya ku Indiana si yamasewera.

Nanga wa pamphuno ndi uti? Ndinafunsa za fizi. Sukulu yake, imodzi mwa zija zabizinesi zimene zimalengeza pa Facebook ndi atsikana omwetulira atakoleka stethoscope m'khosi, inamuuza madola 18,000. Poti ali ndi green card, boma lingamupatse Pell Grant, ndalama yosabweza, koma mu 2024 sinkapitirira madola 7,395 pachaka. Yotsalayo ndi ngongole. Wophunzira wodziimira payekha angakongole kuboma mpaka madola 9,500 m'chaka choyamba, ndipo pa chiwongoladzanja cha 6.53 peresenti, chimene chinalipo mu 2024, amabweza pafupifupi madola 108 mwezi ndi mwezi kwa zaka 10.

Ndiye mwambi wa agogo unandiwopsa, chifukwa unakhoza moipa. Pankhani yonseyi chinthu chimodzi chokha ndicho chimalowa m'mphuno tsiku loyamba, usanagule ndi yunifomu yomwe, ndipo ndi ngongoleyo. Ntchito ikhoza kuuluka. Sukulu ikhoza kutsekedwa. Ngongole ndi yako basi, ndipo ya sukulu ku America ngakhale utapita kukhoti kukanena kuti ndalama zatha psiti, kawirikawiri siichoka. Uyetsemula ka 120, ndipo palibe wokuuza pepani.

Alipo amene anayetsemula ndithu. Kampani ya Corinthian Colleges, mwini wa sukulu za Everest zimene zinkaphunzitsa maphunziro omwewa, inagwa mu 2015 itapezeka kuti inkanama za chiwerengero cha ophunzira ake opeza ntchito. Boma linadzafafaniza ngongole za anthu 560,000, zokwana madola 5.8 biliyoni, koma mu 2022. Zaka 7 mphuno ili kuyabwa. Boma lomwelo linaika lamulo loti, mwa zina, ngongole ya omaliza maphunziro otere isamadye zoposa 8 peresenti ya malipiro awo. Linakhazikitsidwa mu 2014, linachotsedwa mu 2019, linabwereranso mu 2023. Lamulo nalo lili pachala.

Chondipweteka ine n'chakuti m'zigawo zambiri za America palibe lamulo lokakamiza setifiketi imeneyi. Zipatala zina zimaphunzitsa munthu ali pantchito, akulandira. Makoleji aboma a zaka ziwiri, monga Ivy Tech wa ku Indiana komweko, amaphunzitsa zomwezo pamtengo wotsika kwambiri. Kungoti iwo sakuimbira foni katatu patsiku n'kumakutchula dzina mokoma.

Zonsezi ndinazinena, mwina mopitirira, monga amachitira amalume akapatsidwa mpata. Mtsikanayo anakhala chete, kenako anati, "Amalume, ine ndimagwira usiku kunyumba yosungira okalamba. Ndimanyamula anthu olemera kuposa ine. Ndikamafika m'mawa mwana akukwera basi ya kusukulu, timangokwezerana manja. Kukiliniki amaweruka 5 koloko."

Samu zanga zonse zinalibe mzere wa zimenezo. Ndinayesa kuika mtengo pa kudya mgonero ndi mwana wako, kalikuleta inangondiyang'ana. Ndinangomupempha zinthu ziwiri asanasaine: akafunse kukoleji yaboma, ndipo akafunse sukulu ya atsikana omwetulirayo kuti mwa amene anamaliza chaka chatha ndi angati ali pantchito, akulandira zingati, ayankhe polemba. Anavomera, ngakhale mawu ake anali a munthu amene wamulanda chitumbuwa chili pakamwa.

Foni itaduka ndinatembenuka kuti ndimufotokozere mlongo wanga. Anali panja, akuyankhula ndi mmisiri. Ankafunsa ngati malata a geji 28 angafike Khirisimasi isanakwane, poti mwana wake tsopano ndi dokotala.