Netiweki ya ku Joni imaphethira

Lachisanu anthu akangotuluka mumzikiti, kwa Chowe kumayamba msonkhano wina, wa mabanja ndi amuna awo amene ali ku Joni. Foni amaitsamiritsa pamtondo, bandulo ya WhatsApp yagulidwa kale, ndipo fuko lonse lathithikana ngati usipa m'dengu kuti lioneke pagalasi.

Choyamba kudya bandulo ndi ulemu. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, ndiye gogo amakhala chofulatira foni, chitenje chili kumutu. Mkamwini naye kutsidyako wazolika. Kwa mphindi zisanu, chitenje cha ku Mangochi chimalonjerana ndi chipewa cha ku Johannesburg.

Mawu nawo amafika mochedwa ngati matola a ku Namwera. Onse ayankhula nthawi imodzi, onse aleka nthawi imodzi. “Pitirizani, bambo.” “Ayi, yambani ndinu, amayi.” Potopa nazo, anasankha mwana wa sitandade 6 kukhala wapolisi wa pamsewu: akakweza dzanja, kuno kuli zii, Joni iyankhule.

Koma nkhani yeniyeni siiyenda pakamwa. Mayi wa ana amadziwa pokhala: kumbuyo kwake kuoneke denga lodontha, ndipo thumba la ufa lopanda kanthu ligone poyera ngati langopezekapo. Mwana wong'ambika yunifomu amamukankhira kutsogolo, wonenepa amamutuma kumjigo. Pakamwa akuti, “Tili bwino ndithu, musadandaule.” Bamboyo naye watsamira galimoto yonyezimira ku Mayfair, dzanja lili pachitseko mosamala, kuopa kuti ingalire mwini wake n'kutulukira.

Kenaka mayi uja amatsokomola pang'ono, n'kupekesa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mawu oti Mukuru sanatuluke n'komwe, koma netiweki ya ku Joni yamva. Bambo aja auma gwa, kamwa lili yasa, ngati chambo cha pa ayezi.

“Yadukanso,” atero gogo, akuvundukula chitenje. Aka n'koyamba kuti amuonetsetse mkamwini wawo, ndipo akuti wanenepa.

Wapolisi uja asendeza mphuno pagalasi.

“Amayi, ababa akuphethira! Ndipo taonani njiwa ikudutsa kumbuyo kwawo.”

Mayi sakweza mawu. Angokokera thumba lija pafupi ndi foni, n'kukhala phee nawonso, kuti aone amene ayambe kutopa.