Pa Kasiya Nkhani Ndi ya Bere

Amene akuganiza kuti pa Kasiya anthu akungokamba za mgodi wa rutile sanakhale pamzere wa kuchigayo nyengo ino. Za a Sovereign Metals ndi chuma chawo cha pansi pa nthaka zimamveka pabawo, pamodzi ndi mitengo ya fodya ku Kanengo. Koma kuchigayo, pamjigo ndi pansi pa mtengo wa sikelo, nkhani ndi ya bere. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 mpaka pa 7 Ogasiti dziko lapansi limakumbukira kuyamwitsa, wailesi zimasokosa nazo, ndipo kuno nkhaniyi ikalowa m'mudzi siituluka msanga.

Oyamba kudandaula ndi agogo, makamaka amene angobwera kumene kuchokera kodikirira ana awo kuchipatala. Dandaulo lawo ndi la madzi. Akuti chikhalire Mchewa amalandira mlendo ndi chikho cha madzi, nanga bwanji mlendo wamkulu chotere, mdzukulu amene banja lonse lamudikira miyezi isanu ndi inayi, anamwino akumumana ngakhale dontho? Amafunsa akuseka, koma funsolo ndi lochokera pansi pa mtima, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Mkaka wa m'mawere gawo lake lalikulu ndi madzi kale, okwanira ngakhale pa dzuwa la Okutobala. Madzi a pachitsime angabweretse matenda otsegula m'mimba, komanso amadzaza malo a mkaka, poti m'mimba mwa khanda la tsiku limodzi ndi mochepa ngati nthudza. Agogo ena akamva za nthudzayo amagwira pakamwa, kenaka nkuyamba kufotokozera anzawo ngati anazidziwa kalekale.

Palinso za mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena kale ankaufinyira pansi nkumati ngwoipa. Lero anamwino amautcha katemera woyamba wa mwana, ndipo amafuna khanda liyambe kuyamwa lisanathe ola limodzi chibadwire. Mwana akangobadwa amamupukuta nkumugoneka pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu, kusamba nkudikira mawa lake. Apa ndiye pali kuseka kwambiri. Ku Nsaru akusimba za gogo amene anafika ndi beseni latsopano, sopo wonunkhira ndi thaulo la pamsika, nkukhala nazo pakhonde usiku wonse osazigwiritsa ntchito. Akuti anabwerera kumudzi akunena kuti mdzukulu wake ndi mfumu, amasamba tsiku limene wafuna yekha.

Aphunzitsi amene amakonda kukhala pakhonde la golosale madzulo ndiwo amakumbutsa anthu kuti izi si nkhanza za namwino. Ndi ndondomeko yolembedwa. M'chaka cha 1991 mabungwe a WHO ndi UNICEF anakhazikitsa Baby-Friendly Hospital Initiative, yofuna kuti chipatala chilichonse chochiritsirako amayi chizitsata mfundo khumi zothandiza kuyamwitsa. Mwa mfundozo muli zoti ogwira ntchito aphunzitsidwe, mayi auzidwe za kuyamwitsa akadali woyembekezera, mayi ndi mwana azigona pamodzi usana ndi usiku, mwana aziyamwa nthawi iliyonse imene wafuna, ndipo asapatsidwe china chilichonse pokhapokha dokotala ataona chifukwa. Dziko la Malawi linayamba kutsata zimenezi mu 1993. Zipatso zake zinaoneka. Mu 1992 ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi amene ankayamwa mwakathithi anali pafupifupi 3 pa 100 alionse, koma pofika 2010 anafika 71. Kenaka kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 61. Pologalamu ija inali itazilala chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, ndipo inadzatsitsimutsidwa cha m'ma 2016 ndi thandizo la USAID.

Kutsika kumeneku aliyense ali nako kufotokoza kwake. Amipingo akuti atsikana akubereka akadali ana. Azimayi ogulitsa tomato akuti ndi ntchito, munthu sungakhale pakhomo miyezi isanu ndi umodzi pamene mphika ukudikira. Anyamata a kabaza, amene sasowa ganizo pa nkhani iliyonse, akuti vuto ndi zitini za mkaka zimene achibale amatumiza kuchokera ku Joni, poti mwana womwa za m'chitini amaoneka ngati wa kwa anthu olemera. Pamenepa a kabaza sanaphonye kwenikweni. Kuyambira 1981 pali malamulo a dziko lonse lapansi oletsa kutsatsa mkaka wa m'zitini kwa amayi ndi kuugawa mwaulere m'zipatala, chifukwa zinaoneka kuti botolo losatsukidwa bwino ndi mkaka wosungunula ndi madzi ambiri kuti chitini chikhalitse zinkapha ana. Alipo ana amene mkaka wa m'chitini ndi wofunikadi kwa iwo, monga amasiye, ndipo amenewo achipatala amawalangiza mwapadera. Koma kugula chitini pofuna kuti anthu akuone nkutaya ndalama ya feteleza pa chinthu chimene mayi ali nacho kale chabwino koposa.

A kabaza omwewa ndi amene akufalitsa nkhani ya abambo a kangaroo. Mwana akabadwa masiku asanakwane, kapena wochepa thupi, amamumangirira pachifuwa ndi chitenje kuti azifundidwa ndi thupi la munthu wamkulu ndi kuyamwa pafupipafupi. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mayi akafuna kusamba kapena kupuma, gogo kapena bambo amalandira mwanayo. Ndiye taganizirani mwamuna wandevu zake, wodziwika pabwalo la mpira, atavula malaya, kamwana kali phee pachifuwa, chitenje chamaluwa chitamangidwa kumsana. Anzake amamuseka sabata yathunthu. Koma mukamvetsera bwino, oseka aja amamaliza ndi kufunsa kuti mwanayo tsopano akulemera bwanji, ndipo bambo uja amayankha monyadira, mpaka magalamu ake.

Za tchuthi nazo zili m'kamwa. Lamulo la ntchito limapatsa mayi masabata asanu ndi atatu olipidwa akachira, ndipo kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera masabata awiri a bambo. Alimi akamva zimenezi amaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere tchuthi chathu tikapempha kwa yani, kwa khasu? Atsikana ogwira ntchito m'mashopu a pa Mpingu ndi pa Namitete funso lawo ndi lina: achipatala akuti miyezi isanu ndi umodzi, lamulo likuti masabata asanu ndi atatu, otsalawo mwana adya chiyani? Alangizi a zaumoyo amawaphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovindikira, kuti wolera mwana azimumwetsa ndi kapu mayi akachoka. Ambiri poyamba amachita nazo manyazi, ena amakhulupirira kuti mayi akatalikirana ndi mwana tsiku lonse mkaka umasasa m'bere. Susasa ayi. Ine ndimaona kuti funso la atsikanawa ndi lolemera, ndipo oyenera kuliyankha ali ku Nyumba ya Malamulo.

Pali nkhani ina imene anthu amaikamba motsitsa mawu, koma nkhope zili zowala. Zaka za m'mbuyomo mayi amene ali ndi HIV ankakhala pakati pa mantha awiri: akayamwitsa angapatsire mwana, akaleka mudzi wonse udziwa. Kafukufuku wa BAN, amene anachitikira ku Lilongwe konkuno ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anaonetsa kuti mankhwala a ARV amachepetsa kwambiri kupatsirana kudzera mu mkaka. Mu Julayi 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuyambitsa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse. Lero mayi wotere, akamamwa mankhwala mokhulupirika, amayamwitsa pasikelo pakati pa anzake popanda womuloza chala.

Tsono ine mbali imene ndimaimirira ndi iyi. Amayi athu anamvera, akuchirira kuchipatala. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 pa 100 alionse ankabadwira m'zipatala. A kuno amapita ku Kabudula, ku Nambuma, ku St Gabriel's ku Namitete kumene masisitere a ku Luxembourg anatsegula chipatala mu 1959, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Koma mayi wochira bwino amagonako usiku umodzi kapena uwiri basi. M'dziko muno anamwino ndi ochepa, mmodzi amatha kuyang'anira wodi yonse, ndipo kuthandiza mtsikana wa mwana woyamba kuti khanda ligwire bere bwino, kukamwa kutayasamula, chibwano chitakhudza bere, kumafuna munthu wokhala pansi osathamanga. Akatuluka pageti, miyezi isanu ndi umodzi yonse ili m'manja mwa gogo. Kuno kwa Achewa, kumene mkamwini amakhala kwa mkazi, gogoyo nthawi zambiri ndi mayi ake enieni a wochirayo, ndipo mawu awo saponderezedwa. Choncho phunziro limene laperekedwa kwa mayi yekha, gogo ali panja kuphika, lafika theka. Kuchidikiro, kumene amayi ndi owadikirira amakhala masabata akudikira tsiku, ndi kumene kuli kalasi yabwino kuposa ina iliyonse. Anansi athu a ku Mchinji anaziyesa ndi pulojekiti ya MaiMwana: amayi odzipereka a m'mudzi momwemo ankayendera anzawo kunyumba kukawalangiza za kuyamwitsa, ndipo oyamwitsa mwakathithi anachuluka. Unduna wa Zaumoyo ukamawerengera ndalama za ndondomekoyi, uziwerengeranso nthawi ya namwino ndi njinga ya mlangizi.

Abambo nawonso alowa m'nkhaniyi kudzera kumsika. Amayi azindikira kuti mawu oti "anamwino anena" amatsegula thumba la mwamuna msanga, ndiye woyamwitsa akafuna usipa, mazira kapena thobwa la mawere, amangoti anena kuchipatala. Abambo akudandaula kuti anamwino a masiku ano akulamula ndiwo zambiri zedi. Komabe akugula, ndipo akuchita bwino, poti mayi woyamwitsa amafunikadi kudya mokwanira kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya.

Mkangano umene sunathe mpaka lero ndi wa kawerengedwe ka miyezi. Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi amayamba phala, la nsinjiro kapena Likuni Phala, uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Tsiku limenelo ndi la gogo, ndipo amalidikira ndi chikho ndi supuni zili kale pambali. Koma gogo amawerenga mwezi wa kumwamba, ndipo mwezi umene mwana anabadwira amauwerenga wathunthu ngakhale anabadwa ukupita kumdima. Motero mwezi wachisanu ndi chimodzi wa gogo umafika msanga kuposa wa pakalendala. Mayi akuti sunakwane, gogo akuti wakwana, mkamwini waona kuti pano mpovuta wanyamula khasu wapita kudimba. Mlandu wotere umakathera kusikelo, kumene mlangizi amatsegula buku la mwana nkuwerenga masiku pamaso pa onse awiri.