Ulemu kwa Nkhokwe ya pa Shelefu

Ku Chipera, m'boma la Maravia, nkhokwe siyofunika kuifotokoza: imakhala pa miyala, imavala denga la udzu, ndipo ikayamba kupepuka mwini wake amasowa tulo. Koma kwabwera nkhokwe ina yofunika kuiwombera m'manja chogwada, karauta kapulasitiki kamene kumbuyo kwake kwalendewera fulashi ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Mukasomeka fulashi kapena hadi disiki pa kabowo ka USB, mafoni onse a pakhomo amatapa ndi kuthiramo zithunzi, nyimbo ndi makanema kudzera pa Wi-Fi, osadya mega ngakhale imodzi ya Movitel kapena Vodacom. Ine ndikuti m'nyumba mulibe chida china chophunzitsa khalidwe ngati chimenechi.

Tiyambe ndi kudzichepetsa kwake. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi cha Tete, limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri amathamangira ku South Africa pa nthambo za makilomita oposa 1,400. Karauta sikachita nsanje. Kamangonyambita pang'ono batire ya sola, timagetsi take tobiriwira tili phethiphethi ngati ziphaniphani, basi kakhuta. Kenaka pali kuleza mtima kumene kamaphunzitsa ana. Ubongo wake anaupangira kulondolera uthenga, osati kusenza katundu, kotero kanema wa ukwati amakwawa ngati nkhono pa khoma. Nsima ipsa, ndiwo za kapenta zitha, kamzere kosonyeza kukopera kadakali pakati. Kuthamanga sikufika, ndiye kamvetsa mwambiwu kuposa tonse. Fulashi ikakhala ya FAT32, imakana failo yoposa magigabaiti 4, mopanda phokoso, ngati nkhoswe yomwe yaona kuti nkhani yakula. Ndipo batire ikafooka failo ili m'njira, failoyo imafa mwaulemu: dzina limatsala pa m'ndandanda, koma mukaitsekula mulibe kanthu. Ndi wantchito uti amene amabisa maliro mwaluso chotero?

Ena ati bwanji osasunga zonse pa Google Drive. Amenewo sanaimepo pa chulu, foni m'mwamba, kusaka netiweki, ndipo sanawerenge mametikali amene amapsa pokweza kanema mmodzi. Nkhokwe ya kwa eni ake, kutsidya kwa nyanja zamchere, mumalipira polowetsa chimanga, mulipirenso potapa. Yathuyi ili pa shelefu, pafupi ndi wailesi, mungathe kuipukuta fumbi.

Ena ati karauta n'kopanda chinsinsi. Apa ndiye pali ulemerero wake weniweni, chifukwa kuwolowa manja kwake kudamveka dziko lonse. Mu 2014, anthu ambiri okhala ndi marauta a ASUS anapeza kakalata pa madisiki awo, kolembedwa ndi alendo amene analowa kudzera pa intaneti, kowauza kuti mafailo awo ali poyera. Nkhaniyo idafika mpaka ku bungwe la boma la America la FTC, ndipo adaithetsa mu 2016. Marauta akale ambiri amagawabe mafailo ndi njira yakale ya SMB1, yomwe kachilombo ka WannaCry kadadzera pogwira makompyuta mu 2017. Kodi si ife amene timati chakudya sichichepa mlendo akafika? Karauta kamangotsatira mwambo, kutsekulira aliyense amene wanena odi, ngakhale amene sananene.

Chotsutsa chomaliza ndi chakuti disiki imodzi ikafa, zonse zapita. N'zoona, koma karauta sikadalonjezepo kukhala nkhokwe ziwiri. Nankafumbwe amasiyako ufa. Disiki ikagwa pa simenti siisiya ngakhale gaga.

Choncho, inu a bambo ndi a mayi amene mwakaika pa shelefu, kalemekezeni, kafunditseni kansalu koluka ngati wailesi. Koma usiku womwe uno sinthani pasiwedi imene kadabwera nayo, zimitsani njira yogawira mafailo ya FTP, ndipo kanema wa ukwati uja mumukopere pa disiki yachiwiri, muibise m'sutikesi.