Kodi pa swichi ayambe ndani kudutsa?

M'maofesi ambiri muli kabokosi ka timagetsi tophethiraphethira komwe mawaya a makompyuta onse amakumanako. Akatswiri amakatchula kuti swichi. Ati chilichonse chodutsamo, kaya ndi imelo, mawu a pa foni kapena vidiyo, chimayenda chitaduladulidwa m'tizigawo totchedwa mapaketi. Izo ndamva. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti ena mwa mapaketiwa amadutsa msanga, ena n'kumadikira. Chifukwa chiyani, pomwe onse ndi a m'nyumba imodzi?

Ati vuto ndi kuchepa kwa njira. Swichi ikhoza kukhala ndi mabowo 24, lililonse lonyamula gigabiti imodzi pa sekondi, koma waya wotulukira kunja n'kukhala mmodzi, wa gigabiti imodzinso. Makompyuta onse akatumiza zinthu nthawi imodzi, mapaketi amaima pamzere, ndipo malo odikirira akadzaza, obwera pambuyo amatayidwa. Imelo ikachedwa sekondi imodzi palibe amadziwa, ndipo chigawo chake chikatayika chimatumizidwanso. Mawu a pa foni alibe mwayi umenewo. Kawirikawiri amatuluka paketi imodzi pa mamilisekondi 20 alionse, ndipo bungwe la ITU limalangiza kuti asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa pa wolankhula kufika kukhutu kwa womvera. Kupyola apo anthu amayamba kudulana mawu.

Izi zikumveka ndithu. Ngakhale kuchigayo, munthu wochokera pamaliro timamulola kugayitsa msanga, ena tonse n'kudikira osanyinyirika. Koma wapamaliroyo timamudziwa, mwinanso uthenga wake tinaumva. Nanga swichi imadziwa bwanji kuti paketi iyi ndi yachangu?

Ati paketi imanyamula nambala. Mu 1998 bungwe la IEEE linavomereza dongosolo la 802.1p, lomwe limagwiritsa ntchito mabiti atatu kupereka manambala oyambira 0 mpaka 7. M'chaka chomwecho bungwe la IETF linatulutsa njira ina ya mabiti 6 yotchedwa DSCP, ya manambala 64, ndipo mawu a pa foni nthawi zambiri amapatsidwa 46. Chabwino, koma amalemba nambalayo ndani? Ati mwini wake, foni kapena kompyuta yomwe ikutumiza. Ndiye chingaletse n'chiyani kuti kompyuta iliyonse izidzilembera 46? Ndipo onse akakhala achangu, mzerewo sungangobwerera mmene unalili?

Yankho lake ati swichi imauzidwa woti izimukhulupirira. Bowo lomwe lalumikizidwa ku foni ya ofesi limalandira nambala mmene yabwerera, pomwe la kompyuta wamba limaifufuta n'kulemba 0. Apa ndiye ndikudabwa kwambiri. Ndinkayesa kuti makina akuweruza okha, pomwe pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha woyenera kumukhulupirira.

Nanga otsala m'mbuyo aja? Ngati achangu sakutha, kodi enawo adzadutsa liti? Ati zimachitikadi kuti mzere wotsika umaima osasuntha, n'chifukwa chake achangu amawaikira malire. Kampani ya Cisco imalangiza kuti mzere wawo usatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a njira yonse, ndipo mizere yotsalayo imadutsa mosinthana, wina kochuluka, wina pang'ono.

Kodi zonsezi zimafulumizitsa intaneti? Ati ayi, waya sakula ngakhale pang'ono. Njira ikakhala yopanda chipiringu, manambala aja sagwira ntchito iliyonse. Ikadzaza, kufulumira kwa wina kumachokera pa kuchedwa kwa mnzake. Komanso mapaketi akangotuluka mu ofesi, makampani opereka intaneti nthawi zambiri salabadira manambalawo, ena amawafufutiratu.

Ngati zili choncho, funso langa lalikulu silikupitanso kwa makina. Pachipatala pomwe waya mmodzi akunyamula zotsatira za kuyeza magazi, msonkhano wa pa vidiyo wa akuluakulu, ndi mafoni a kuchipinda cha amayi oyembekezera, wina ayenera kunena choyamba ndi chotsiriza. Kodi ndi bwino kuti chisankho chotere chisiyidwe m'manja mwa katswiri mmodzi pa tsiku lomwe akuika swichiyo? Anamwino ndi madokotala, omwe amadziwa chimene kuchedwa kwake kungaphe munthu, kodi amafunsidwa? Ndipo amene ntchito yake yalembedwa 0, alipo amene amamuuza?