Maso a Nkhono ndi Kulira kwa Njinga

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anapeka mwambiwu sanapalasepo njinga ya magiya 21, koma ndikukhulupirira kuti akanakhala makaniko woposa ambiri amene timawapeza pansi pa mtengo wa mango, zida zawo zili sipanala imodzi ndi nyundo.

Njinga za mountain bike zinabadwira ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata onga Gary Fisher ndi Joe Breeze ankathamangitsana kutsika mapiri a ku Marin pa njinga zakale zolemera. Pofika kumunsi girizi wa m'habu yakumbuyo ankakhala atapserera chifukwa cha buleki. Mtundu umenewu unayamba kudandaula uli wakhanda. Lero wadzaza m'misewu yathu, zambiri zakaunjika, ndipo khalidwelo sunasiye.

Chovuta n'chakuti njinga ndi yabodza. Felemu ndi mapaipi opanda kanthu m'kati, ndipo imatenga phokoso la uku n'kukalitula uko, makamaka ikakhala ya aluminiyamu. Bawuti ikamasuka kuchishalo, khutu limalumbira kuti kulirako kukuchokera pansi, pakati pa mapazi. Ndiye woyamba kuzengedwa mlandu nthawi zonse ndi ekiselo yapakati pozungulira mapedulo, imene amakaniko amaitcha bottom bracket. Imeneyi ili ngati mwana wamasiye pamudzi: nkhuku ikasowa, safunsanso wina. Amaimasula, kuimenya nyundo, kuitaya, kugula yatsopano. Mwini njinga apalasa kawiri, ndipo "kwe, kwe" uja ali pomwepo, wathanzi.

Nkhono ukaigunda imabweza maso. Phokoso nalonso ndi lamanyazi chimodzimodzi. Lakusowetsa mtendere msewu wonse, anthu m'njira kumatembenuka, koma ungofika kwa makaniko, njinga ili zii. Iye akwera, azungulira kawiri, abwera akumwetulira: "Bwana, njingayitu ndi yabwinobwino." Umupatsa ya fanta mwamanyazi. Ungokhota pagolosale, kwe, kwe.

Wodekha sayamba ndi sipanala. Amayamba wafunsa njingayo kuti ikulira nthawi yanji. Pamtsetse siyani kupalasa. Phokoso likapitirira, mapedulo ndi tcheni alibe mlandu, yang'anani matayala. Mwina ndi sipoko yomasuka, mwina disiki ya buleki yapindika ndipo ikukhudza kamodzi tayala likazungulira, tswi, tswi. Likasiya pamene mwasiya kupalasa, yambaninso koma mutaimirira. Latha? Wakuba nkhuku ndi chishalo. Zulani chitsulo chake, pukutani fumbi, pakani girizi pang'ono, mangani bwino. Felemu ikakhala ya kaboni girizi wamba safunika, koma mwini njinga yotero sakuwerenga nkhani ino, ali ndi womukonzera. Kugogoda kwa kutsogolo kuli ndi mayeso ake: finyani buleki yakutsogolo, kankhirani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva gu, gu m'manja, mabelingi a pakhosi pa foloko ndi amene amasuka.

Pedulo yakumanzere ndiye msampha wa anthu apuma. Mazinga ake ndi otembenuka, imamasuka pozungulira kumene bawuti wamba zimamangira. Munthu amaimanga akuyesa akumasula, kenako aponda sipanala ndi phazi, kenako aitana mnzake wonenepa kuti adzapondeko. Pomaliza anena kuti inagwira dzimbiri.

Tcheni chimalankhula mosabisa. Chouma chimalira ngati mbewa, ndipo mankhwala ake ndi dontho la oyilo pa mfundo iliyonse, wotsala n'kupukuta ndi sanza kuti asaitane fumbi. Chikamalumpha, khotcho, pokwera chitunda, tengani lula. Mapini a tcheni amatalikirana theka la inchi, choncho pa mainchi 12 pini iyenera kugwera pamzere ndendende. Ikapitirira ndi 1/16 ya inchi, gulani china chisanadye mano a magiya, chifukwa magiya ndiwo odula.

Koma tchimo lalikulu limachitikira pa mabuleki a disiki. Akayamba kulira, mtima umati chilichonse cholira chikufuna oyilo, ndipo munthu amathiradi. Zotsatira zake buleki imasiya kugwira, kulirako n'kuwonjezeka, popeza kawirikawiri chimene chinayambitsa kulirako ndi mafuta omwewo, amene anadonthera kuchokera kutcheni kapena ku zala zodya kanyenya. Disiki imafuna kupukutidwa ndi sipiriti, ndipo mapadi amene amwa oyilo ndi otaya. Amene akukayika atsike msewu wa paphiri la Zomba ndi mabuleki odzola, adzatiuza ngati angapeze mpata.

Pali maphokoso ena amene amachotsa munthu ulemu. Wina amamasula theka la njinga Loweruka lonse, mabelingi kumwazikira mumchenga, ana kumathandiza kutola, kenako n'kupeza kuti ndi nsonga ya chingwe cha nsapato imene imamenya felemu. Kwa wina ndi makiyi m'thumba. Kwa wina ndi tibawuti tiwiri ta choikamo botolo la madzi. Ndipo kwa ife amene imvi zayamba, pali "tho, tho" wina wobwera mwendo wakumanja ukatsika, amene amamvekabe ngakhale njinga itatsamira kukhoma ife tikukwera masitepe. Limenelo ndi bondo, musavutitse makaniko.

Phokoso limodzi lokha ndi limene silifuna kudikiridwa. Mukamanga zonse, kudzoza zonse, koma kulira kouma kukumvekabe mukaponda mwamphamvu, tsukani njinga, muiike padzuwa, muyang'ane mowotcherera monse: pakhosi, pansi pa chishalo, pafupi ndi mapedulo. Kamzere kakuda konga tsitsi kamene sikachoka mukakapukuta ndi mng'alu, ndipo aluminiyamu ikafika pamenepo imatha kuthyoka mosachenjezanso. Musakwerenso. Ikankheni mpaka kunyumba, ngakhale akabaza akusekeni njira yonse.